Zithunzi za m'thiranki ya amayi: muyambire pati pofufuza makolo anu

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Libala, amene wapempha kuti ndingomutchula ndi mfunda wake, Anambewe. Ndaifupikitsa, koma mutu wake ndi uwu:

"Amayi anatisiya chaka chatha. Pogawa katundu tinapeza thiranki yachitsulo, pansi pake pali zithunzi zambiri zakale, zina zakuda ndi zoyera, zina zamitundu koma zofiirira. Pali bambo wovala zausilikali, pali ukwati wa kutchalitchi, pali china chodindidwa Salisbury kumbuyo. Zambiri sizinalembedwe kanthu. Ine ndinabadwira muno mu Lusaka, ana anga sanapondeko kumudzi ku Katete, ndipo ndimangomva mphekesera zoti agogo aamuna anachokera ku Nyasaland. Ndikufuna kulemba mzere wa makolo athu kuti ana adziwe. Mwana wanga akuti pali mapulogalamu a pafoni ozindikira nkhope, ndiponso zoyezetsa DNA. Kodi ndiyambire pati?"

Anambewe, pepani ndi maliro a amayi. Muyambire kwa munthu wamkulu kwambiri amene watsala m'banja mwanu, makamaka wamkazi, ndipo ngati n'kotheka mupite mwezi uno. Za foni, za DNA, za mabuku a boma, zonsezo mudzazipeza ngakhale patapita zaka zisanu. Nkhalamba yodziwa mayina simungaipangire nthawi chotero. Chithunzi chimasunga nkhope yokha. Dzina la munthuyo, mudzi wake, amene anamubereka ndi amene anamukwatira, zili m'mutu mwa azakhali anu kapena amayi aang'ono amene akhala ku Katete, ku Matero kapena ku Chawama, ndipo mwina palibe anawafunsapo.

Ndanena kuti makamaka wamkazi, ndipo chifukwa chake n'chimene chimasokoneza anthu ambiri ochita ntchito ngati yanuyi. Taganizani za amene ankajambulitsa m'ma 1940 ndi m'ma 1950. Anali munthu wa ndalama m'thumba amene anafika pamalo pamene pali wojambula: mnyamata wa ku migodi ya ku Kitwe kapena Wankie, wophika m'nyumba ya mzungu ku Salisbury, msilikali, mesenjala wa pa boma, mphunzitsi wa mishoni. Pafupifupi onsewa anali amuna, ndipo anali paulendo. Amayi awo, alongo awo ndi akazi awo anatsala kumudzi akulima, kamera osaiona mpaka mtsogolo. Koma kwa ife Achewa ndi Ansenga mtundu umayenda ndi bele. Mwana ndi wa mbumba ya amayi ake, mwini mbumba ndi malume, ndipo mwamuna pa chikamwini amakhala mlendo m'mudzi wa mkazi. Choncho thiranki yanu idzakuonetsani amuna ambiri ovala mataye, pamene anthu amene mzere wanu weniweni ukudutsamo, agogo a agogo anu aakazi, alibe chithunzi ngakhale chimodzi. Mukangotsata zithunzi mudzalemba mbiri ya amuna amene anapita kutauni. Kuti mupeze mbumba muyenera kunyamula zithunzi za amunawo n'kukafunsa nazo za akazi amene sali pachithunzi: awa anabadwa kwa yani, alongo awo anali ndani, chithunzichi ankatumizira yani. Kwa Angoni a kwa Mpezeni, amene amalowola ndipo ana amatsata bambo, nkhani imatembenuka pang'ono, ndipo mabanja ambiri a kum'mawa ali ndi mbali zonse ziwiri, ndiye mufunse msanga kuti mbali iti inkatsata mwambo uti.

Musananyamuke, chitani ntchito ya madzulo amodzi kapena awiri. Musasakanize zithunzizo ndipo musazisanje mwa kukongola kwake. Zimene amayi anaziika mu envelopu imodzi kapena kuzikulunga m'pepala limodzi zikhale pamodzi, chifukwa iwo ankadziwa chimene chinaziphatikiza. Chilichonse muchipatse nambala kumbuyo, pakona, ndi pensulo yofewa. Bolopeni imadinda mpaka kutsogolo ndipo inki yake imalowerera. Kenako muchijambule ndi foni kutsogolo ndi kumbuyo, masana pafupi ndi windo, popanda fulashi. Zimene mukuziona kuti n'zofunika kwambiri mupite nazo kumene amachita sikani muwauze kuti aike pa 600 dpi, kuti mudzathe kukulitsa baji kapena chikwangwani osaphwanyika. Potumiza kwa abale pa WhatsApp, tumizani ngati dokyumenti, chifukwa njira ya masiku onse ija imachepetsa chithunzi n'kutaya tizinthu ting'onoting'ono timene mukutifuna.

Chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse: musachite lamineti. Anthu amachita zimenezi mwa chikondi, poganiza kuti akuteteza, koma makina aja amawotcha pulasitiki n'kuimatirira pachithunzi, ndipo sichidzatulukamonso. Chimene chamatirira pa galasi la felemu musachikakamize, chijambuleni chili momwemo. Zenizenizo zitsale kunyumba, m'bokosi louma, pamwamba, kutali ndi khoma limene limanyowa nthawi ya dzinja, pakuti chuku, mphemvu ndi chiswe ndi zimene zimamaliza zithunzi m'nyumba zathu. Kumudzi mupite ndi makope osindikiza aakulu bwino. Maso a munthu wa zaka 85 sangazindikire nkhope pa galasi la foni, ndiponso pepala amatha kuligwira, kuliyandikitsa, kulitembenuza, n'kuitana mnzake kuti adzaone.

Tsopano kumbuyo kwa chithunzi, kumene nthawi zambiri kumanena zambiri kuposa kutsogolo. Chidindo cha situdiyo chili ndi dzina la tauni, ndipo mayina a matauni athu anasintha pa nthawi zodziwika. Fort Jameson inakhala Chipata ufulu wa 1964 utabwera, Broken Hill inakhala Kabwe mu 1966, Bancroft ndi Chililabombwe ya lero, Fort Rosebery ndi Mansa. Salisbury inasanduka Harare mu 1982. Muno mu Lusaka, adiresi ya Stanley Road ndi Freedom Way, ya Livingstone Road ndi Cha Cha Cha Road. Mawu akuti Northern Rhodesia kapena N.R. akukuuzani kuti chidindocho chinapangidwa isanafike October 1964, ndipo Nyasaland isanafike July chaka chomwecho. Kungoti wojambula sankataya chidindo chake tsiku limene dzina lasintha, ena anadinda nacho mpaka chinatha, choncho muonjezerepo zaka zingapo. Ngati pali mtengo wolembedwa ndi pensulo, onani ndalama yake. Mashereni ndi mapeni, monga 2/6, anatha ku Zambia mu January 1968 pamene kwacha ndi ngwee zinayamba. Ku Rhodesia anasintha mu 1970, ku Malawi mu 1971. Pepala lenilenilo nalonso limathandiza: tizithunzi ting'onoting'ono ta m'mphepete moyera mokhala ngati mano kawirikawiri n'ta m'ma 1940 mpaka m'ma 1960, zamitundu zofiirira zija zambiri n'za m'ma 1970 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1980, ndipo za manambala ofiira a tsiku pakona n'za pambuyo pake, ngakhale kuti eni makamera ena sankakonza tsikulo.

Kutsogolo, yang'anani kaye zovala za amayi. Chitenje chosindikizidwa nkhope chimatchula chaka chokha. Cha Papa Yohane Paulo Wachiwiri sichingakhale chisanafike 1989, chaka chimene anayendera Zambia ndi Malawi m'mwezi wa May. Cha MMD n'cha 1990 kupita mtsogolo. Cha nkhope ya Kamuzu Banda chikusonyeza kuti munthuyo anali ku Malawi kapena anachilandira kuchokera kumeneko. Ku Malawi lamulo la 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi kwa zaka pafupifupi 20, ndipo amuna sankaloledwa tsitsi lalitali, ndiye mtsikana wa thalauza lotambalala kunsi ndi tsitsi la afro pa chithunzi cha m'ma 1970 anajambulidwa kuno, osati ku Lilongwe. Yunifolomu ya amayi a mpingo ndi chuma chachikulu, chifukwa ikukulozerani kumene kuli mabuku a ubatizo. Zakuda ndi zoyera za Chigwirizano ku Reformed Church, bulauzi yofiira ya amayi a ku UCZ, mpingo umene unapangidwa mu 1965, zabuluu za a Dorika ku Seventh Day. Ngakhale pa chithunzi chopanda mitundu, mayi wamkulu wa mpingo amazindikira kolala, duku ndi kabaji.

Zovala za amuna pa zithunzi za mu situdiyo musazikhulupirire msanga. Jekete, taye, wotchi, wailesi, telefoni yopanda chingwe, ngakhale njinga yamoto, zambiri zinali za mwini situdiyo, zobwereka kwa mphindi zochepa. Mnyamata wogona m'kachipinda ka antchito kuseri kwa nyumba ya bwana ankafuna kuti akumudzi aone kuti zikuyenda, ndipo ine sindimuweruza, pakuti anali ndi ufulu wodzionetsa mmene ankafunira kukumbukiridwa. Koma inu polemba mbiri musalembe kuti agogo anali olemera chifukwa cha wailesi ya pachithunzi. Za masitudiyo amenewa, ngati simunaonepo, fufuzani ntchito ya Sana Ginwalla yotchedwa Zambia Belonging, imene inayamba ndi zithunzi zimene eni ake sanabwere kudzatenga ku Fine Art Studios muno mu Lusaka. Mukaziona mudzazindikira msanga nsalu zakumbuyo ndi kaimidwe ka nthawi imeneyo.

Zojambulidwa panja zimakupatsani malo. Nyumba zozungulira zofolera ndi udzu zoima m'mizere zingakhale za ku Kabwata wakale, zimene zochepa zake zinatsala pa Kabwata Cultural Village. Nyumba za kanselo za ku Matero ndi Chilenje zili ndi maonekedwe ake amene aliyense wokulira kumeneko amawadziwa. Munthu woima pa Freedom Statue anajambulidwa 1974 itakwana. Basi yolembedwa UBZ ndi ya pambuyo pa ufulu, isanafike pakati pa m'ma 1990 pamene kampaniyo inatha. Koma chothandiza koposa zonsezi ndi mwana. Mukazindikira khanda limodzi lokha pachithunzi, n'kudziwa chaka chimene linabadwa, mwapeza chaka cha chithunzi chonse, ndipo aliyense woima pamenepo mwamudziwa kuti anali moyo ndipo anali pamalopo chaka chimenecho. Yambani ndi zithunzi zimene muli inuyo kapena amayi anu ali ana, muzibwerera m'mbuyo kuchokera pa nkhope zodziwika kupita pa zosadziwika.

Za msilikali uja. Kulitsani baji ya pachipewa. Northern Rhodesia Regiment inali ndi chizindikiro cha mbalame yaitali miyendo ya nthenga zoimirira pamutu, pamene King's African Rifles, imene mabataliyoni ake oyamba awiri anali a ku Nyasaland, inali ndi lipenga. Magulu onsewa anamenya nkhondo ya 1939 mpaka 1945 ku Somaliland, ku Abyssinia ndi ku Burma, ndipo ena anapitanso ku Malaya m'ma 1950. N'chifukwa chake tili ndi Burma Road ndi Arakan Barracks muno, Gondar Barracks ku Chipata, Tug Argan ku Ndola. Baji ya lipenga ingagwirizane ndi mphekesera ya Nyasaland ija, koma payokha si umboni, chifukwa anyamata ankawoloka malire kukalembetsa kumene kunali pafupi. Onaninso ngati yunifolomuyo ndi ya usilikali ndithu. Apolisi, amesenjala a pa boma ndi alonda a pa migodi nawonso ankavala zofananako, ndipo m'mabanja ambiri onsewa amangokumbukiridwa kuti anali asilikali.

Chithunzi cha ku Salisbury chili ndi nkhani ina. Anthu a kum'mawa ndi a ku Nyasaland anapita ku Halale ndi ku Joni mwaunyinji, ena wapansi, ena kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi ya ku Joni, ndipo nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, kuyenda pakati pa maiko atatuwa kunali kosavuta. Zinthu zinalimba Ian Smith atalengeza ufulu wake mu November 1965, ndipo malire a Zambia ndi Rhodesia atatsekedwa mu 1973 mabanja ambiri anasiya kumvana. Amene sanabwerere tinkawatcha matchona. Kwa ambiri a iwo, kachithunzi kotumizidwa m'kalata ndi chizindikiro chomaliza chimene abale analandira. Choncho funso loyamba pa chithunzi chimenecho ndi lakuti chinatumizidwa kwa yani. Ngati kumbuyo kuli mawu onga akuti "kwa mlongo wanga" kapena "musandiiwale," mwapeza ulusi. Koma chenjeraninso: anthu a nthawi imeneyo ankapatsana zithunzi ndi anzawo a kusukulu, a kuntchito, a kwaya, ngakhale zibwenzi zimene sizinafike pa ukwati. Si aliyense wa m'thiranki amene ali m'bale wanu.

Mukafika kwa agogo, musathamange. Pitani ndi shuga, sopo ndi chitenje monga mwa ulemu wake, mugone, nkhani ya zithunzi muiyambe mawa lake. Pemphani chilolezo choti foni izijambula mawu, muiike pambali, muiiwale. Perekani chithunzi chimodzi chimodzi, mutchule nambala yake mokweza kuti imveke m'mawu ojambulidwawo, kenako mukhale chete. Musanene kuti "awa si agogo a Yohane awa?" chifukwa munthu wamkulu wofuna kukusangalatsani adzangovomera. Funsani kuti "awa ndani?" basi. Akayamba nkhani yooneka ngati yapita kutali, ya njala ya 1949, ya munda wa fodya wa mzungu, ya mmene mudzi unasamukira, musawabweze. M'nkhani zoterozo ndi mmene mumatuluka zaka ndi mayina a midzi. Anthu akale sankasunga zaka ndi manambala, ankasunga ndi zochitika: anabadwa chaka cha dzombe, anakwatiwa asilikali atangobwera, anamwalira tisanawotche zitupa, kumene kuli kunena 1961, nthawi ya Cha Cha Cha. Akalira, alekeni alire, mwina nkhope ya mlongo wawo sanaione zaka 50. Ndipo zithunzi zomwezo mukazionetsenso kwa wamkulu wina payekha, wa mbali ina ya banja, osamuuza zimene woyamba ananena. Pamene awiriwo agwirizana mulembe ndi mtima wokhazikika. Pamene asiyana mulembe mayankho onse awiri ndi dzina la amene ananena.

Apa pali misampha iwiri imene imagwetsa ngakhale anthu ophunzira kwambiri. Woyamba ndi wa chibale chathu. Agogo akati "awa ndi amayi anga," angakhale akunena amayi owabereka, kapena mkulu wa amayi awo, kapena mng'ono wawo, kapenanso mkazi wina wa bambo awo. "Atate" angakhale mbale wa bambo. "Achimwene" angakhale mwana wa amayi aakulu. Kwa iwo palibe cholakwika, onsewo ndi amayi ndi atate ndithu. Koma inu polemba mzere muyenera kufunsa mofatsa nthawi iliyonse: okuberekani enieni? Bele limodzi? Mukapanda kutero mudzapeza mayi mmodzi ali ndi ana 19 obadwa m'zaka 45.

Wachiwiri ndi wa mayina. Munthu mmodzi wa m'badwo wa agogo anu angakhale ndi dzina la ubwana, dzina la kuchinamwali kapena kudambwe, dzina la ubatizo, dzina limene bwana anamupatsa kuntchito, ndi dzina lotchulira mwana, monga amake Tisa. Papepala la boma pangakhale lina. Ena analowa sukulu ndi dzina la mbale wawo, ena anapita kuntchito ndi chitupa cha munthu wina n'kukhala ndi dzinalo moyo wonse. Komanso dzina limodzi lingakhale la anthu atatu, chifukwa cha kulowa dzina la malemu, makamaka pa unyakwawa, kumene mphwake amatenga dzina la malume ake. Ndipo Phiri, Banda, Mbewe, Mwale, Tembo, Zulu ndi mifunda ya anthu miyandamiyanda m'maiko atatu. Kupeza Mbewe wina pa Facebook amene kwawo ndi ku Katete sikutanthauza kanthu. Chimene chimalozera munthu kwathu ndi zinthu zitatu pamodzi: mudzi, mfumu, ndi mfunda wa amayi ake. Kwa mkazi aliyense funsani kuti anali Nachiyani, Naphiri, Nabanda kapena Nankhoma, ndipo amayi ake anali Nachiyani.

Za Nyasaland, musadabwe mukaona akuluakulu akuzengereza. Malire a pa Mwami ndi Mchinji anadula pakati pa anthu amodzi, ndipo mpaka lero mafumu a ku Malawi ndi ku Mozambique amabwera ku Mkaika mwezi wa August kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Aphunzitsi, makalaliki ndi alaliki ambiri oyamba m'dziko lino anachokera ku Nyasaland. Koma ufulu utabwera, kukhala wobadwira kunja kunayamba kukhudza ntchito ndi mapepala, ndipo ambiri polembetsa anangotchula mudzi wa mkazi wawo kapena wa mnzawo wa kuno. Kenako anthu anaona zimene zinachitikira Kenneth Kaunda, amene bambo ake David Kaunda anachokera ku Nyasaland kudzaphunzitsa ku Chinsali: kusintha kwa malamulo kwa 1996 kunamuletsa kupikisana nawo pa upulezidenti chifukwa cha kumene makolo ake anabadwira. Ngati zinatheka kwa munthu amene analamula dziko zaka 27, nkhalamba ya ku komboni ili ndi chifukwa chokhalira chete. Auzeni momveka kuti mukulembera ana, si za boma. Palinso zina zimene mabanja amabisa: mkazi woyamba amene anasiyidwa, ana a ku Halale, mwana wobadwa kwa mzungu wa pa famu ya fodya ku Fort Jameson, kholo limene linalowa m'mudzi ngati kapolo nthawi ya nkhondo za Angoni. Chithunzi chodulidwa mbali imodzi ndi sizasi kawirikawiri chimaloza ku nkhani yotere. Maganizo anga ndi akuti mulembe zoona m'buku lanu, koma musazimwaze pa gulu la WhatsApp la banja eni nkhani akadali moyo popanda kuwapempha.

Mukabwerako ndi mayina ndi midzi, pamenepo mapepala ayamba kugwira ntchito. Yambani ndi reji ya amayi ndi ya agogo ngati ilipo, chifukwa NRC, imene inayamba kuperekedwa mu 1965, imalemba mudzi, mfumu ndi boma. Zaka zobadwa za anthu akale pamenepo zambiri zinali zongoyerekeza kwa kalaliki, ndiye musazitenge ngati malemba. Onani makadi a ubatizo, mtchatho wa ukwati, makadi a sikelo, mapepala a penshoni, tsamba loyamba la Baibulo la m'nyumba, ndi mapulogalamu a maliro amene amalemba mbiri ya malemu. Chithunzi cha ukwati chija chikakutsogolerani ku mpingo, ndipo mishoni za kum'mawa n'zakale: a Dutch anayamba ku Magwero mu 1899, kenako Madzimoyo ndi Nyanje, Akatolika anali ku Kachebere, pa malire kumbali ya Malawi, kuyambira 1903, a Anglican ku Msoro. Mabuku a ubatizo ndi a ukwati amalemba makolo, mudzi ndi mboni, ndipo mboni nthawi zambiri zinali ankhoswe, kutanthauza amalume amene mukuwafuna. Pitani ndi dzina, mudzi ndi zaka zoyerekeza, mupemphe mwaulemu kwa abusa kapena abambo mfumu. Anyakwawa nawonso amasunga kaundula wa mudzi.

Ku National Archives of Zambia, ku Ridgeway, musapite ndi chiyembekezo chopeza faelo ya dzina la agogo anu. Boma la atsamunda linkalemba anthu wamba pofuna msonkho ndi ntchito, osati pofuna kuwakumbukira. Chimene mungapeze ndi mabuku a maboma amene ma DC ankalemba, okhala ndi mizere ya mafumu, mayina a midzi ndi kusamuka kwake. Zimenezi n'zofunika kum'mawa, kumene malo ambiri anali m'manja mwa North Charterland Exploration Company, anthu n'kupanikizidwa m'malo ochepa, kenako midzi yambiri n'kusamutsidwanso m'ma 1940. Mudzi umene agogo akuutchula ungakhale uli pamalo ena lero. Ngati ulusi wawolokadi malire, nkhokwe ya mapepala akale a boma la Malawi ili ku Zomba.

Ndafika pa funso la mwana wanu. Mapulogalamu ozindikira nkhope angakuthandizeni kusonkhanitsa zithunzi za munthu mmodzi zimene zili zooneka bwino, koma sangakuuzeni dzina la munthu amene sanalowepo pa intaneti, ndipo pa tizithunzi takale tosaoneka bwino amalakwitsa. Mapulogalamu amene amati amakonza ndi kupaka mitundu zithunzi zakale ndimawaopa kwambiri, chifukwa pamene chithunzi chafufutika, iwo amapeka maso, mphuno ndi mano, amasalaza mphini za pankhope poyesa kuti ndi zokalika, n'kukupatsani munthu wokongola amene sanakhalepo. Mukachita zimenezo n'kukaonetsa agogo, mukuwafunsa za mlendo. Ngakhale maso athu enieni amanyenga. "Mphuno iyi ndi ya kwathu" ndi mawu amene alowetsa anthu ambiri m'mabanja a eni. Kufanana kukupatseni funso lokafunsa, kusakupatseni yankho. DNA nayo imayerekeza inu ndi anthu amene anayezetsa kale, ndipo ambiri a iwo ali ku America ndi ku Ulaya. Idzakuuzani kuti ndinu wa chigawo chino cha Africa, zimene mukuzidziwa kale, osatchula Katete kapena Dedza. Imene imachita bwino ndi kutsimikiza ubale wapafupi pakati pa anthu awiri amene onse ayezetsa, ndipo pamenepo imatha kuulula za ubambo zimene banja silinakonzekere kumva. Ndalama imeneyo, kwa tsopano, ikhale ya basi ya pa Great East Road.

Polemba, gulani buku lalikulu lachikuto cholimba. Munthu aliyense akhale ndi tsamba lake: mayina ake onse, mfunda, amayi ake, bambo ake, mudzi, mfumu, mpingo, kumene anagwira ntchito, kumene anaikidwa, manambala a zithunzi zimene akuonekamo, ndipo pa mfundo iliyonse, amene anakuuzani ndi tsiku lake. Akazi opanda zithunzi aja akhale ndi masamba awo mofanana ndi amuna a mataye. M'mabanja ambiri zithunzi zakale kwambiri n'za m'ma 1940, koma pakamwa pa nkhalamba yabwino mungatuluke mibadwo iwiri kapena itatu kupitirira pamenepo, makamaka kumbali ya bele. Zithunzi zimene palibe wazizindikira musazitaye. Lembani kuti zinaonetsedwa kwa yani ndi yani, muziyenda ndi makope ake ku maliro, ku maukwati ndi poika miyala pamanda, kumene akuluakulu a mbali zosiyana amakumana ndipo amakhala ndi nthawi yocheza. Bukulo likafika pooneka, sindikizani makope atatu kapena anayi pamodzi ndi zithunzi zake, limodzi lipite kumudzi kwa mwini mbumba, ena kwa abale a nyumba zosiyana muno m'tauni, ndipo mafaelo a sikani muwasunge pa imelo ya anthu oposa mmodzi.